Timamaliza Mitu Yoyambidwa

Inu, poti basi sikuoneka ndipo mvula yatipanikiza pakhonde pano, tasunthani pang'ono ndikhale, ndikuuzeni zimene buku landichita. Musandiyang'ane choncho, bukulo ndi langa, ndikulemba ndekha ndi dzanja lomweli. Ntchito yanga ndi yometa anthu, koma mumtimamu ndine mlembi. Ndipo si mlembi wa tinkhani ta "ndinakuona ukumwetulira mtima wanga unadumpha" ayi. Ine ndimalemba za kutsogolo kwenikweni, nthawi imene zidzukulu za zidzukulu zathu zizidzapita kumwezi ngati mmene ife timapitira kumsika.

Nkhani yake ili motere. Dzuwa layamba kuzilala ngati mbaula yotha makala. Anthu apadziko akhoma chombo chachikulu choti chikapale moto ku nyenyezi ina, ndipo woyendetsa chombocho ndi mayi wina wolimba mtima amene aliyense amangomutchula kuti Kaputeni. Mayiyu wasiya mwana wongoleka kumene kuyamwa. Tsono kumene akupitako nthawi imayenda mwaulesi, iye akagona tulo kamodzi kuno zaka zadutsa. Moti pobwera adzapeza mwana wake ali nkhalamba yoyendera ndodo, iye akadali mayi wa mphamvu zake. Mwaziona nzeru zimenezo? Ine ndinkati ndikaziganizira ndekha, thupi lonse tsembwe.

Koma nkhani imafuna khutu, abale. Ndinayamba ndi mayi a kunyumba. Tsiku lina atamaliza kutsuka mbale ndinawakhazika pampando, n'kuyamba kuwerenga ndi mawu onga a pawailesi. Ndisanamalize tsamba loyamba anandidula.

"Mwanayo wamusiyira ndani?"

"Zimenezo si zofunika," ndinatero, "nkhani ili kuchombo."

"Si zofunika? Mwana wongoleka kumene bere? Bambo ake ali kuti?"

"Bambo akewo sindinawalembe."

"Ndinadziwa," anatero mayi akuimirira. "Nawonso akulemba buku."

Ana anga ndiye osanena. Akangondiona ndikutulutsa mapepala, aliyense ankakumbukira kuti ali ndi homuweki kwa mnzake.

Tsono mudziwe kaye za malo anga ogwirira ntchito, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Kachipinda kometerako si kanga. N'ka alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, amene ali ndi sitolo ya misomali ndi utoto mumsewu womwewo. Mpando ndi wawo, galasi ndi lawo, makina ometera ndi awo. Tsiku limene ankandipatsa makiyi anandiyang'ana kuchokera kunsapato mpaka kumutu n'kunena kuti, "Ndikuchitira mlongo wanga ndi ana, osati inu." Ine ndinangoti zikomo. Wopempha sakwiya.

Ndi m'kachipinda kameneko mmene ndinatulukira chinthu chimene alembi onse apadziko sanachitulukire. Inu, tamverani bwino apa. Munthu wometedwa mbali imodzi sathawa! Atha kukhala ndi changu, atha kukhala ndi ukali, koma ukangomulambula kumanzere n'kusiya kumanja, ameneyo ndi wako mpaka utamumasula wekha.

Woyamba kugwa mumsampha anali makaniko wa pagalaja yoyandikana nafe. Nditamumeta theka ndinazimitsa makina.

"Nanga mwazimitsiranji?" anafunsa.

"Atentha, apume kaye. Pakali pano tamverani kanthu aka."

Anayang'ana pagalasi, anayang'ana pakhomo, n'kuusa moyo. Ndinamuwerengera chaputala chonse cha kunyamuka kwa chombo. Nditamaliza ndinadikira kuti aombe m'manja.

"Chombo chanucho chimayendera dizilo kapena petulo?"

"Zachikale zimenezo. Chimayendera kuwala kwa dzuwa."

"Dzuwa lomwe likuzimalo?"

Abale, funso limenelo linandilowa ngati minga kuphazi. Ndinamumaliza mutu, ndipo sabata yonseyo ndinakhalira kukonza machaputala kuti chombo chipeze mafuta ena.

Wachiwiri anali aphunzitsi a sayansi, bambo aulemu wawo, ovala tayi ngakhale kukutentha. Iwowa anamvetsera bwinobwino mpaka pamene Kaputeni anaimba hutala pochenjeza chombo china.

"Imani pomwepo," anatero. "Kumeneko kulibe mpweya, ndipo popanda mpweya phokoso silimveka."

"Ndiye akakumana ndi mnzake pakona atani?"

"Kulibe makona."

"Aphunzitsi, munapitako?"

"Nanga inu munapitako?"

Tsoka ilo, mkanganowo unakula makina ndili nawo m'manja, ndawayatsanso. Pofuna kuwasonyeza mmene chombo chimakhotera, ndinakhotetsa dzanja, n'kuwalambulira msewu kuchokera pakhutu mpaka paliwombo. Panalibenso kuchitira mwina koma kuwameta mpala. Mpaka lero ana a sukulu amawatchula kuti Mwezi, ndipo tikakumana panjira aphunzitsiwo amaoloka msewu.

Musaganize kuti onse ankadana nazo. Tsiku lina ndinagwira telala wina wachikulire, benchi lodikirira litadzaza. Nditafotokoza zoti mwana adzakhala wamkulu kuposa mayi ake, madalawo anatukula dzanja pansi pa nsalu.

"Tsono akadzakumana, adzapatse mnzake mpando ndani?"

"Mwana apatse amake, n'zachidziwikire," anatero wina pabenchi.

"Nkhalamba ya ndodo iimirire, mtsikana akhale? Munaleredwa kuti inu?"

"Mayi ndi mayi, ngakhale achepe msinkhu!"

Benchi linagawikana pawiri. Anthu akuluakulu, ena a ndevu zoyera, kulozana zala chifukwa cha anthu amene ndinawapanga ndekha ndi bolopeni! Botolo la sipiriti linagwa n'kusweka, ine osadandaula ngakhale pang'ono. Ndinapita kunyumba tsiku limenelo ndikuyenda ngati nduna. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mbiri inawanda. Anthu anayamba kubwera okonzeka. Wina ankafika atatseka thonje m'makutu. Wina asanakhale pampando ankandilumbiritsa kaye kuti makina satentha lero. Ambiri anangosiya kubwera. Kenako kondakitala wina, mnyamata wopanda chikhalidwe, anachita zimene ndinkati munthu sangachite. Ndili pakati pa chaputala anadzambatuka, nsalu yanga ili m'khosi, mutu uli theka, n'kuthamanga kuoloka msewu mpaka kwa wometa mnzanga wa kutsidya, amene timamutchula kuti Wandevu. Anathawa mwaliwiro moti anasiya chipewa chake pabenchi.

Sabata yotsatira Wandevu anapachika chikwangwani chatsopano, cha zilembo zofiira zoti ngakhale wodutsa pabasi awerenge: TIMAMALIZA MITU YOYAMBIDWA. Ndipo utoto wolembera chikwangwanicho anakagula kusitolo ya alamu anga.

Alamu anabwera masana omwewo. Sanakhale pansi.

"Alamu," anatero, "ine ndinakupatsani malo ometera, osati tchalitchi. Mutu wina ukadzangotuluka muno uli theka, makiyi anga ndidzatenga, ndipo mlongo wanga adzalira yekha. Mwamva?"

"Ndamva, alamu."

Ndipo ndinamvadi. Ndisakunamizeni, ndinachita mantha, chifukwa banja langa lonse limadya kuchokera pampando umenewo. Mapepala ndinawatsekera m'dirowa pansi pa matawulo. Ndinayamba kumeta ngati wometa wina aliyense, kukamba za mpira ndi za mvula, mtima uli kwa Kaputeni. Anthu anayamba kubwerera mmodzimmodzi.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Mwana wamkazi wa alamu anamaliza maphunziro a unamwino, ndipo pamwambo wolandira masatifiketi alamu anasankhidwa kuti akalankhule m'malo mwa makolo onse. M'mawa wa tsikulo anatulukira atavala suti yatsopano, nsapato zikuwala, n'kudzikhazika pampando.

"Mundimete bwino, ndikakhala kutsogolo lero."

Ndinawamanga nsalu, n'kuyamba kumanzere. Ndinameta mwaluso, inu, mbali imeneyo inasalala ngati dzira. Ndikutsegula dirowa kuti nditenge tawulo, mapepala aja anasuzumira.

"Ndi zimenezo zopirikitsa anthu zija?" anafunsa alamu. "Tawerengani mzere umodzi, ndimve nawo kupusa kwake."

"Alamu, timalize kaye mutu."

"Mukuopa? Ndiye kuti mukudziwa nokha kuti n'zachabechabe."

Inu, munthu andinyoze ine, anyoze nsapato zanga, anyoze ngakhale kametedwe kanga. Koma Kaputeni? Ndinazimitsa makina.

Ndinasankha chaputala chimene ndinali ndisanawerengerepo munthu. Chombo chayandikira kwawo, moto uja chapala, koma chotengera motocho chayamba kung'aluka. Kaputeni watuluka kunja kwa chombo kuti akachimange, wadzimangirira ndi chingwe chimodzi m'chiuno, ndipo pansi pake pali dzuwa lija, lozilala koma lotenthabe. Chingwe chayamba kuduka ulusi umodziumodzi. Nthawi yomweyo muwailesi ya m'chisoti chake mukumveka mawu a nkhalamba yopanda mano: "Amayi, ndine uja munandisiya ndikukwawa. Ndadikira ndithu, koma mufulumire, maso anga ayamba kuchita mdima."

Poyamba alamu ankangoti "hm!" monyoza. Kenako "hm" uja anatha. Nditakweza maso ndinaona pagalasi munthu wamkulu, mwini sitolo, kukamwa kuli yasa.

"Ndiye?" anatero.

"Alamu, nthawi yatha, timalize."

"Ndati ndiye? Pitirizani!"

Ndinapitiriza. Ulusi wina unaduka. Alamu anapukuta mphuno ndi nsalu yanga yometera. Ulusi winanso unaduka, kutsala umodzi wokha. Ndipo pamenepo wailesi ya pagalaja inangoti zii, fani ya kudenga inayamba kuzungulira mwaulesi n'kuima. Magetsi anathima.

Tinayang'anana pagalasi. Kenako tonse awiri tinayang'ana mutuwo. Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga, tsono ganizirani theka.

"Yatsani makina," anatero alamu ndi mawu otsika.

"Alamu, magetsi."

"Sizasi!"

Sizasi inalipo, koma ndinali nditaibunthitsa podula mapepala omata m'machaputala, moti inkangotafuna tsitsi osadula. Alamu anakuwa ngati ndawazula dzino. Ndinatenga lezala, koma kukanda koyamba komweko ndinawatema pamwamba pa khutu. Ndinamatapo thonje.

"Alamu," ndinatero mwaulemu, "Wandevu ali ndi makina a batire. Mungooloka msewu."

Anasuzumira pawindo. Kutsidyako anthu anali ndandanda, ndipo pamwamba pawo chikwangwani chija, cholembedwa ndi utoto wa m'sitolo mwawo.

"Ine ndikakhale pansi pa chimenecho? Bola kufa."

Nthawi yomweyo takisi inaima pakhomo, akazi awo ali m'kati, mlongo wawo amene ndi mayi a kunyumba kwanga ali m'kati, dalaivala akuimba hutala ngati kwapsa nyumba. Chipewa chokhacho chimene chinali mushopu chinali cha kondakitala uja, choluka ndi ulusi wobiriwira ndi wachikasu, chokhala ndi kampira pamwamba. Alamu anachivala pamwamba pa suti yatsopano ija n'kutuluka osandiyang'ana.

Zakuholoko ine kunalibe, ndinachita kumva kwa mayi a kunyumba, ndipo ankafotokoza akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Akuti alamu anawakhazika pansanja, pakati pa akuluakulu a sukulu. Zonse zinkayenda bwino mpaka woyendetsa mwambo ananena kuti tiyambe ndi pemphero, abambo onse avule zipewa. Alamu anayesa kunamizira kusamva. Woyendetsa mwambo anabwereza, akuwayang'ana iwowo. Anavula. Kumanzere bwalo la mpira, kumanja nkhalango, pakati thonje. Akuti pemphero limenelo palibe anatsinzina.

Itafika nthawi yawo yolankhula, anaima cham'mbali kuti aonetse mbali yometedwa, koma holo inali yozungulira, moti theka la anthu linkaona munthu wina, theka linalo munthu winanso. Anatulutsa pepala la mawu amene anakonza kalekale, n'kuwerenga mzere woyamba mokweza: "Ana athu okondedwa, m'moyo uno chilichonse chimene mwayamba muzichimaliza."

Akuti ngakhale mkulu wa sukulu anagwera pansi pa tebulo.

Dzuwa lisanalowe alamu anafika kushopu, anatambasula dzanja, ine n'kuikamo makiyi. Anakhoma loko wawo n'kumapita.

Apa ndiye kuseka kunatha. Ndinayesa kuika mpando pansi pa mtengo pafupi ndi nyumba, ndi sizasi yobwereka, koma ndani angapereke mutu wake kwa ine? Ngakhale ana anga anapempha kuti akametedwe kwa Wandevu. Mayi a kunyumba anasiya kundilankhula, kupatula kundiuza kuti sopo watha ndipo mwina Kaputeni atigulira. Ndinkakhala pakhonde tsiku lonse ngati mlendo pakhomo panga pomwe. Ndinachita manyazi, abale, ndipo ndinkaopa kuti ana anga agona ndi njala chifukwa cha mayi woti kulibe.

Manyaziwo anasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyowo unagwera Kaputeni. M'mawa wina ndinatenga bolopeni n'kudula ulusi wotsala uja. Anagwa, mayi wa anthu, anagwera m'dzuwa momwemo n'kupsa mpaka phulusa, akuitana dzina la mwana wake. Nkhalamba ija nayo ndinaimaliza, inafa ili pawindo ikuyang'ana kumwamba. Ndinalemba ndikukukuta mano, koma nditawerenganso ndinaona kuti chiyambire sindinalembepo chinthu chokoma chotero. Ndinawatsatira mayi kukhitchini n'kuwawerengera mokakamiza, ndipo misozi inatsika m'masaya mwawo.

Masana a tsiku lomwelo tinamva "odi" pakhomo. Alamu! Mutu wonse uli mpala tsopano, pamwamba pa khutu pali kachipsera. Anakhala pampando. Anafunsa za ana. Anafunsa ngati denga likudonthabe. Anakamba za mvula, anakamba za misomali yabodza imene yadzaza m'misika masiku ano. Ine ndikungoti eya, eya. Kenako anatuma mlongo wawo kuti akawatungire madzi akumwa, ndipo mayi atangotuluka, anasendeza mpando kufupi ndi ine n'kunong'ona.

"Chingwe chija chinaduka?"

"Chingwe chiti, alamu?"

"Musandipusitse inu. Ine sindikugona. Dzulo ndamupatsa munthu utoto wakuda atapempha woyera. Mayi uja anamuona mwana wake kapena ayi?"

Inu, nthawi imeneyo ndinamva ngati magetsi ayaka m'mutu mwanga. Ndinakhala bwino pampando, n'kupinda mwendo.

"Alamu, nkhaniyo ikadali m'manja mwanga. Koma mukudziwa, mlembi akakhala ndi njala dzanja limanjenjemera. Likhoza kudula chingwe osafuna."

"Mukundiopseza?"

"Ine? Ayi ndithu. Ndikungonena kuti mayiyo akulendewera pa ulusi umodzi, ndipo ine ndilibe chochita china tsiku lonse koma kuuyang'ana ulusiwo."

"Ndinu munthu woipa mtima kwambiri," anatero alamu akuimirira. "Ndinamuuza mlongo wanga kalekale."

Anayenda mpaka pakhomo. Anaima. Anakanda mpala uja. Kenako anabwerera, anapisa m'thumba, makiyi aja n'kuwaponya patebulo kuti khwetche!

"Tamverani. Kuwerenga kwanuko muziwerengera mutu womalizidwa, wopakidwa kale sipiriti. Ndipo mayi ameneyo asafe. Nkhalambayo iwaone amake ndi maso ake, iwagwire dzanja. Ndibwera Loweruka kudzamva ndekha. Mukangomupha, loko ndikhomanso, ndipo ulendo uno makiyi ndikaponya m'chimbudzi."

Anatuluka osadikira madzi aja. Mayi a kunyumba analowa ndi kapu m'manja, ndipo nkhope yawo inasonyeza kuti amva zonse.

"Si munamupha m'mawa uja?"

"Ndinamupha."

"Mpaka phulusa?"

"Mpaka phulusa."

"Ndiye ng'ambani tsambalo, mulembe lina."

"Mayi, tsamba limenelo sindingang'ambe. Ndi lokhalo m'buku lonse limene linakulizani."

"Ine ndimalira chifukwa mulibe ntchito!"

Zimenezo ndi zonena zawo, ine misozi ndinaiona. Tsambalo silichoka, ndipo makiyi nawo sachoka m'thumba muno. Chatsala n'choti mayiyo afe monga ndinalembera, kenako adzuke bwinobwino, mwanjira yoti makaniko asapeze pogwira. Ndayesa makina obweza nthawi, akufuna mafuta amene ndilibe. Ndayesa kunena kuti anapsayo anali mapasa ake, koma mapasawo anakwera bwanji chombo osaonedwa?

Tsono inu mwakhala chete apa, ena mukuoneka ophunzira. Ngati alipo amene akudziwa kadzutsidwe ka munthu amene wagwera m'dzuwa n'kupsa mpaka phulusa, pamodzi ndi mwana wake wokalamba, anene pompano. Loweruka lake ndi mawa.